Jenereta ikakana kulira, yambani mwaimvetsera musanaimasule

Chilimwe china posachedwapa ndidaitanidwa kukayendetsa mwambo wa ukwati m'mudzi wina kuseri kwa phiri la Tumbine. Anthu adali atangogulitsa nandolo, ndipo eni ukwati sadafune kuchita manyazi. Adabwereka zokuzira mawu zikuluzikulu, adapha mbuzi ziwiri, ndipo jenereta idabwera pa njinga ya kabaza kuchokera ku Vila.

Zonse zidayamba bwino. Koma akwati atangotulukira pamsewu, amayi ali pakati pa nthungululu, nyimbo idangoti zii. Jenereta yazima.

Anyamata adayamba kukoka chingwe mosinthana. Inkalira pang'ono n'kuzimanso. Thukuta lili kamukamu, wina adathamangira sipanala kuti aphwasule injini yonse, pomwe amayi ena kumbali adayamba kunong'onezana kuti pali wansanje amene wamanga ukwatiwo. Ine ndi maikolofoni yanga yosalankhula ndidangoti kakasi.

Amene adatipulumutsa ndi bambo wina wokonza njinga zamoto yemwe adangobwera kudzadya nawo nsima. Iwo sadagwire sipanala. Adafunsa kuti jeneretayo idalira nthawi yotalika bwanji isanazime koyamba, kenaka adamasula chitsekero cha thanki. Tidamva kuti fyuu, ngati munthu akutsegula botolo la chakumwa. Pansi pa chitsekerocho padali kapepala ka pulasitiki kamene mwini jenereta adaikapo kuti petulo asamatayike pa njinga. Kapepalako kadatseka kabowo kolowera mpweya, ndipo thanki yopanda polowera mpweya siyitsitsa mafuta, monga momwe chigubu chimakanira kutulutsa madzi bwino ukachizondotsa. Atachotsa kapepalako adakoka kawiri, nyimbo idabwerera, ndipo nkhani ya ufiti idathera pomwepo.

Chichokereni tsikulo ndakhala ndikucheza ndi amisiri a njinga zamoto ndi majenereta, ndipo chimene ndaphunzira ndi chakuti majenereta ambiri amene timati afa sadafe ayi. Ali ndi njala, kapena adya zoipa, kapena akubanika. Choipa n'chakuti timathamangira kumasula zinthu zimene zidalibe vuto, ndipo jenereta imene ikadachira ndi sopo ndi kansalu imakathera pa mulu wa zitsulo.

Kuno jenereta ndi khasu

M'matauni akuluakulu jenereta ndi yodikirira tsiku limene magetsi athima. Kuno kwathu ndi khasu. Mawaya a EDM alipo ku Vila ndi m'misika ina, koma mukangopatuka pa msewu wa tala wa ku Mocuba n'kulowa m'midzi, mapolo amatha msanga. Masola athandiza pa nyali ndi pa mafoni, koma wometa tsitsi, woonetsa kanema ndi mpira, wowotcherera zitsulo, mpingo wochititsa msonkhano wa usiku ndi banja limene lili pa maliro onse amadalirabe kainjini aka.

Ngakhale kumene magetsi adafika sitingaiwale zimene madzi amachita. Makina a magetsi a madzi amene bungwe la FUNAE lidakonza ku Majaua pa mtsinje wa Ruo adaonongedwa ndi madzi osefukira a mu Januwale 2015. M'mwezi wa Malichi 2023 namondwe wa Freddy atalowera cha ku Quelimane, mapolo adagwa mbali zonse ziwiri za malire, ndipo amene adali ndi jenereta yolira ndiye adathandiza mudzi wonse kutchaja mafoni ofunsira za abale ku Mulanje ndi ku Phalombe. Masiku amenewo majenereta ambiri amene adakhala miyezi ali pakona adakana kulira pa nthawi imene ankafunika koposa.

Dziwani kaye mtundu wa jenereta yanu

Majenereta ang'onoang'ono amene timagula ku Feira da Amizade, ku Limbuli kapena ku Limbe ali mitundu iwiri, ndipo kusokoneza mitunduyi kwapha injini zambiri.

Mtundu woyamba ndi tija tating'ono tonyamula ndi dzanja limodzi, tolembedwa 950 pambali, monga Tiger TG950. Injini yake ndi ya 2-stroke, ndipo ilibe malo akeake a oyilo. Oyilo amasakanizidwa ndi petulo. Ambiri mwa iwo amafuna muyeso wa 50:1, kutanthauza mamililita 20 a oyilo wolembedwa 2T pa lita imodzi ya petulo, kapena mamililita 100 pa malita 5. Onani zimene zalembedwa pa thanki yanu chifukwa ena amasiyanako pang'ono. Jakisoni wopanda singano wa mamililita 20 ndi muyeso wabwino kuposa kungothira ndi maso. Mukachepetsa oyilo, pisitoni imauma n'kugwira, ndipo pamenepo ndiye yafadi. Mukachulutsa, utsi umachuluka, pulagi imada ndipo paipi yotulutsa utsi imadzaza mwaye. Sakanizirani m'chigubu, khutchumulani bwino, kenaka thirani m'thanki.

Mtundu wachiwiri ndi aja okulirapo okhala m'felemu ya mapaipi. Injini yawo ndi ya 4-stroke, yotengera kapangidwe ka Honda GX160 kapena GX200. Awa amamwa petulo wosasakaniza, ndipo oyilo ali ndi malo ake pansi pa injini, okwana pafupifupi malita 0.6.

Mitundu yonse iwiri imafuna zinthu zitatu kuti ilire: mafuta, moto wa pa pulagi, ndi mpweya. Musanafufuze zitatuzi, onani zochititsa manyazi zija. Kodi switchi ya injini ili pa ON? Kampopi ka mafuta n'kotsegula? Mwazula mawaya onse a zipangizo? Jenereta siyilizidwa itasenza katundu. Ngati injini ili yozizira, tsekani choki, kaja kochepetsa mpweya, ndipo ikangolira muitsegule pang'onopang'ono. Ikakhala yotentha choki siyifunika.

Petulo wa m'botolo

Apa ndiye pagona nkhani, ndipo ndikhalapo pang'ono.

Ambiri a ife sitigula petulo pa pampu. Timagula wa m'mabotolo pamphepete pa msewu, amene wadutsa m'zigubu zingapo, ndipo nthawi zina wawoloka malire, lero kuchokera uku, mawa kuchokera uko, malinga ndi kumene wasowa kapena kumene watsika mtengo. Sindikunyoza ogulitsa, pakuti popanda iwo njinga zamoto za m'midzi sizikadayenda. Koma chigubu chimene dzulo chidatunga madzi kapena kusunga mafuta ophikira chimasiya zake m'petulo. Botolo likakhala padzuwa tsiku lonse, mbali ya petulo imene imagwira moto msanga imauluka. Ndipo alipo ena, owerengeka, amene amaonjezera palafini kuti botolo lidzaze.

Njinga yamoto imapirira zoterezi chifukwa imayenda tsiku lililonse ndipo mafuta sakhalitsa. Jenereta imene imalira Loweruka lokha siyipirira.

Pali njira ziwiri zoyesera petulo zosalira ndalama. Thirani pang'ono m'botolo loyera loonekera mkati, mulisiye mphindi zingapo. Madzi ndi olemera kuposa petulo, choncho amakhala pansi ngati timikanda kapena kamzere, pamodzi ndi zinyalala. Kachiwiri, donthezani dontho limodzi pa pepala loyera la m'kope. Petulo weniweni amauma osasiya chizindikiro, koma wosakaniza ndi palafini kapena dizilo amasiya banga la mafuta. Eni majenereta a 2-stroke ayese asanathire oyilo, chifukwa oyilo nayenso amasiya banga.

Palinso china chimene ambiri sadziwa. Petulo wa ku Malawi amasakanizidwa ndi ethanol, mowa wa injini wochokera ku zotsalira za nzimbe. Adayamba kutero m'chaka cha 1982 pamene fakitale ya ku Dwangwa idatsegulidwa, ndipo ina ya PressCane ku Chikwawa idayamba mu 2004. Petulo ameneyu alibe vuto mukamamugwiritsa ntchito msanga. Vuto lake ndi lakuti ethanol amakoka chinyontho cha mu mpweya, ndipo kuno kunsi kwa mapiri, nthawi ya dzinja, chinyontho sichisowa. Akakhalitsa m'thanki, madzi amasonkhana pansi, thanki imachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limatsikira ku kabuleta.

Petulo wa mtundu uliwonse akagona m'kabuleta kupitirira mwezi amayamba kusanduka utomoni. Mudzamuzindikira ndi fungo, chifukwa amanunkha ngati vanishi wa akalipentala, ndipo amada ngati tiyi. Utomoniwo umatseka jeti, kamkuwa kakang'ono kokhala ndi kabowo kochepa ngati ka singano, kamene mafuta onse a injini amadutsamo.

Kuti muone ngati mafuta akufika, yang'anani pansi pa kabuleta. Pali kambale kachitsulo, ndipo pa majenereta ambiri kali ndi kabawuti kokhuthulira pambali. Ikani kachitini pansi, masulani kabawutiko, tsegulani kampopi. Petulo akatuluka mosadukiza ndipo ali woyera, njira yochokera ku thanki ili bwino. Akamangodontha, vuto lili m'mwamba: kasefa ka m'kampopi, kapaipi kopindika kapena kong'aluka, kapena chitsekero chija cha ku ukwati. Akatuluka madzi kapena matope ofiira, khuthulani thanki yonse, muitsuke ndi petulo watsopano pang'ono.

Kutsuka jeti si ntchito yovuta kwa munthu wodekha. Tsekani kampopi, masulani bawuti ya pakati pa kambale, tsitsani kambaleko mosamala kuti kamphira kake kasaduke. Pa injini za 4-stroke jeti ili m'kati mwa kamtengo kamene bawuti ija idalowamo, ndipo imatuluka ndi sikuludiraiva yopyapyala. Iyang'anitseni kudzuwa. Ngati kuwala sikuoneka, pisanimo kawaya kamodzi kofewa kochokera m'chingwe cha magetsi, kenaka muipope ndi pampu ya njinga. Musagwiritse singano kapena msomali, chifukwa mukakulitsa kabowoko jenereta idzamwa petulo ngati chidakwa mpaka kalekale. Yalani nsalu yoyera pansi musanayambe. Tizitsulo ta m'kabuleta tikagwera m'fumbi sitipezekanso.

Mankhwala a zonsezi ndi chizolowezi chimodzi. Mukamaliza ntchito, zulani zipangizo, tsekani kampopi ka mafuta, muisiye jenereta ilire mpaka izime yokha. Mukatero kabuleta imagona youma. Ngati ikhala miyezi osagwira ntchito, khuthulaninso thanki, petuloyo apite m'njinga yamoto ngati alibe oyilo. Posefa petulo pothira, kansalu koyera kopanda ulusi wothothoka n'kokwanira.

Mverani mmene ikuzimira

Ife a pa wayilesi ntchito yathu ndi makutu, ndipo mwina n'chifukwa chake mbali iyi imandikondweretsa. Jenereta siyizima mwa njira imodzi, ndipo kazimidwe kake kamanena kumene kuli matenda.

Ikamalira choki ili yotseka, koma n'kuzima mukangoitsegula, mafuta akufika ochepa. Kawirikawiri ndi jeti yotsekeka. Ena amangoisiya ikulira ndi choki chotseka usiku wonse. Imaliradi, koma imamwa mafuta ambiri ndipo mawa pulagi idzakhala yakuda bii.

Ikamakwera ndi kutsika mawu, vuu, vuu, vuu, ngati munthu wa befu, nyali n'kumawala ndi kuzilala, ndiye kuti tinjira tating'ono ta m'kabuleta tayamba kutsekeka, kapena mpweya ukulowera pa gasiketi yong'ambika pakati pa kabuleta ndi injini. Musalumikize wailesi ya kanema kapena foni pa jenereta yotere. Injini imayenera kuzungulira mokhazikika, maulendo 3,000 pa mphindi, kuti magetsi akhale oyenera zipangizo zathu za mavoti 220. Pachifukwa chomwechi musamaseweretse kasikuluwu ndi kasipuling'i ka gavanala pofuna kuti ilire mwamphamvu. Mudzapsereza zipangizo za anthu.

Ikalira bwinobwino mphindi 10 kapena 20 n'kuzima pang'onopang'ono ngati yatha mafuta pomwe thanki ili yodzaza, masulani chitsekero mumve ngati chipuma. Ikazima mwadzidzidzi itatentha, n'kukana kulira mpaka itazizira, kawirikawiri ndi koyilo imene ikutaya moto ikatentha, ndipo imeneyo ndi ya mmisiri.

Ya 4-stroke ikalira masekondi ochepa n'kuzima ngati wina waithimitsa, yang'anani oyilo. Ambiri mwa majenereta amenewa ali ndi kachipangizo kozimitsa injini oyilo akachepa. Ikani jenereta pamalo osendeza bwino, masulani chotsekera oyilo, ndipo oyiloyo afike pakamwa pa bowo. Malo opendekeka okha amatha kuzimitsa jenereta imene oyilo wake ndi wokwanira, ndipo mabwalo athu ambiri kuno ndi otsetsereka. Alipo amisiri ena amene amadula kawaya ka kachipangizoka kuti jenereta ileke kuvuta. Musalole. Kuteroko n'kupha galu chifukwa akuuwa akuba. Mabuku a Honda amati oyilo woyamba asinthidwe patatha maola 20, kenaka maola 100 alionse. Woonetsa kanema maola 5 tsiku lililonse amakwanitsa maola 100 m'masabata atatu okha.

Pulagi ndi mpweya

Pulagi, imene ambiri kuno timaitchula kuti vela, ndi mboni yosanama. Imasuleni muiyang'ane kumutu. Ikakhala yofiirira ngati khofi wothira mkaka, injini ili bwino. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikakhala youma mbee mutakoka chingwe kakhumi, mafuta sakufika. Ikakhala yonyowa ndi petulo, injini yakhuta, ndipo izi zimachitika anthu akamakoka mobwerezabwereza choki ili yotseka. Zikatero tsekani kampopi, ikani switchi pa OFF, tsegulani choki, kokani chingwe kangapo pulagi ili kunja kuti petulo wochulukayo atuluke, pukutani pulagi, muibwezere.

Poyesa moto, vekani pulagi chipewa chake, gunditsani mbali yake ya mazinga pa chitsulo cha injini patali ndi bowo lake, ikani switchi pa ON, wina akoke chingwe. Gwirani pa mphira pokha, ndipo pasakhale petulo wotayikira pafupi. Moto wabwino ndi wobiriwira ngati mphezi ndipo umamveka kuti thethe. Wofiira wofooka kapena wosaoneka n'komwe ukutanthauza pulagi yotha, chipewa chomasuka, kapena waya wodyedwa ndi makoswe. Mpata wa pakamwa pa pulagi ukhale pafupifupi mamilimita 0.7. Khadi lija la pulasitiki limene mumathyolapo simu ya Movitel kapena Airtel ndi lochindikala pafupifupi chomwecho, ndipo lilowe mothina pang'ono. Munthu wodalira jenereta pa bizinesi asayende wopanda pulagi ina yapadera m'thumba.

Moto ukakhalapo koma mukukayikabe, donthezani madontho ochepa a petulo m'bowo la pulagi, bwezerani pulagi, kokani. Ikalira kamphindi n'kuzima, mwadziwa kuti injini ndi yamoyo ndipo mlandu uli ku kabuleta.

Za mpweya n'zachidule. M'kabokosi ka pambali pa kabuleta muli siponji. Fumbi la mu Okutobala, makamaka pafupi ndi msewu kapena chigayo, limaisandutsa chikombole. Ichapeni ndi sopo, iume bwino, muidontheze oyilo pang'ono n'kuifinya. Ikafumbutuka gulani ina, chifukwa injini yopanda sefa imameza mchenga. Yang'ananinso kotulukira utsi. Mavu aja oumba timiphika ta dothi amakonda kumanga m'paipi ya jenereta yongokhala, ndipo pa tija ta 950 mwaye wa oyilo umatseka paipiyo mpaka injini kumalephera kukoka.

Kusenzetsa mbuzi katundu wa ng'ombe

Jenereta ina ilibe matenda alionse, koma imalira bwino mpaka mutalumikiza chinthu, kenaka imabuula n'kuzima. Nambala 950 ija isakunamizeni. Mphamvu imene kajenereta kotere kamapereka mosalekeza ndi mawati pafupifupi 650. Nyali za LED, matchaja a mafoni, makina ometera ndi wailesi ya kanema zimakwana bwino. Koma simbi ya magetsi imafuna mawati 1,000 kapena kuposa, ndipo ketulo imafika 2,000. Filiji, pampu ya madzi ndi chilichonse chokhala ndi mota chimakoka mphamvu yochuluka katatu kapena kuposa pa nthawi yoyamba kuzungulira. Makina owotcherera zitsulo musawayerekeze n'komwe pa jenereta yaing'ono.

Ilizeni yopanda kanthu, itenthe mphindi ziwiri kapena zitatu, kenaka lumikizani chachikulu poyamba, zing'onozing'ono pambuyo. Pozimitsa zulani zonse kaye. Chingwe chachitali chopyapyala cholumikizalumikiza ndi mapepala a shuga nachonso chimadya mphamvu ndipo chimatentha.

Injini ikamalira bwino koma magetsi osatuluka, dinani kabatani kapena kwezani kaswitchi koteteza kamene kamagwa katundu akachuluka, ndipo yesani ndi babu limene mukudziwa kuti ndi lamoyo. Zikakanika, vuto lili pa kapasita, pa mabulashi kapena pa AVR, kachipangizo kosunga mavoti pa muyeso. Izi zimagulidwa ndipo sizidula ngati jenereta yatsopano, koma musapisemo dzanja nokha, chifukwa kapasita imasunga magetsi ngakhale injini itazima.

Zofunika mmisiri zilipo zinanso. Chingwe chikamabwera mopepuka ngati mulibe kanthu m'kati, injini yataya mphamvu yopanikiza, mwina maring'i atha kapena valavu yakakamira. Chikakana kukokeka, musalimbane nacho. Ndipo jenereta imene yamizidwa m'madzi osefukira musaiyese kuiliza ngakhale kamodzi. Madzi sapanikizika, ndipo akakhala pamwamba pa pisitoni amapinda zitsulo. Chotsani pulagi, khuthulani petulo ndi oyilo, mupite nayo msanga dzimbiri lisanagwire, ndipo mbali ya mawaya iume masiku angapo. Popita kwa mmisiri muuzeni mmene idazimira, petulo mudagula liti, ndi chimene mudalumikiza. Pemphani kuti akonze inu mukuona, ndipo chitsulo chimene wachotsa akupatseni.

Utsi wosanunkha

Pali vuto lina limene limabwera jenereta ikamalira bwino, ndipo ndi loopsa kuposa onse ndatchulawa. Poopa akuba ndi mvula, ambiri timailowetsa m'nyumba, m'khitchini, kapena m'kachipinda ka kuseri kwa holo ya kanema. Utsi wa injini ya petulo uli ndi mpweya wa poizoni wotchedwa carbon monoxide, womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka m'mwezi wa Juni. Suoneka ndipo sununkha. Munthu amayamba kumva mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, ndipo amene ali m'tulo sadzukanso. Kutsegula zenera sikukwanira. Jenereta yobanika m'kachipinda imadzipweteka nayonso, chifukwa imapuma utsi wake womwe, imatentha n'kuzima, ndipo mwini wake amayamba kufunafuna vuto m'kabuleta.

Ikhale panja, mamita 6 kapena kuposa kuchokera pa khomo ndi mazenera, paipi ya utsi italoza kutali ndi anthu. Imangireni kadenga ka malata kopanda makoma, ndipo akuba muwaletse ndi tcheni ndi loko pa mtengo kapena pa chitsulo chokwirira ndi simenti. Inu oonetsa kanema, ana adzaza m'holo zanu Loweruka masana zitseko zili zotseka kuti chithunzi chioneke. Mwana akadandaula mutu kapena akayamba kusanza, tulutsani onse panja, zimitsani jenereta, ndipo amene wafooka athamangitsidwe ku chipatala. Mukafika nenani kuti adali pafupi ndi utsi wa injini, kuti asangomuyesa malungo okha.

Pothira mafuta zimitsani injini, izizire mphindi zingapo. Petulo akadonthera pa paipi yotentha amayaka, ndipo nthunzi yake imakwawa pansi mpaka kukapeza koloboyi, kandulo kapena ndudu imene ili patali. Amene akukumbukira za ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete, kumene galimoto ya mafuta idaphulika mu Novembala 2016 anthu akutunga petulo n'kupha anthu oposa 50, akudziwa liwiro la moto umenewu. Usiku gwiritsani tochi. Chigubu cha petulo chisagone m'chipinda chogona anthu kapena pafupi ndi mafuwa.

Kwa inu a ku Vila ndi m'misika imene muli mawaya a EDM, musalumikize jenereta ku soketi ya m'nyumba ndi chingwe cha mapulagi awiri. Magetsi anu amabwerera m'mawaya a panja ndipo angaphe munthu amene wakwera polo kukakonza, komanso magetsi a EDM akabwerera jenereta yanu imapsa nthawi yomweyo. Ngati mukufuna kuti nyumba yonse iziyaka, itanani wodziwa za magetsi akuikireni switchi yosinthira, yodula mawaya a panja jenereta isanalowe. Apo ayi, kokani chingwe chimodzi chochindikala kuchokera pa jenereta mpaka pa zipangizo zimene mukufuna.